Ndinkapopera Udzu ku Joni

Maganizo opita ku Joni anandibwerera chaka chomwe chiwawu chinapsereza kachewere wathu yense. Ndinali pachikamwini cha ku Kasina, munda ndi wa kuchikazi, ndipo manyazi ankandigwira ndikamadutsa pakhomo pa apongozi chimanjamanja. Mayi a Tadala, mkazi wanga, sanandiletse. Anangoti, "Pitani, koma musakakhalitse. Nyumba siizolowera kukhala yopanda mwamuna." Ananama, kapena nawonso sankadziwa.

Ntchito yomwe ndinapeza, abale inu, inali yolera udzu. Eee, udzu weniweniwu! Mzungu wake ankaulima pa famu yaikulu kutali ndi tauni, kuukolola njere n'kumagulitsa kwa oweta ng'ombe. Nditawauza kunyumba pa foni, alamu anga a Gervazio anaseka mpaka kutsokomola. "Alamu, udzu tikulimbana nawo ndi khasu kuno, inu mwakwerera basi?"

Mdani wa udzuwo anali dzimbiri, matenda omwe amatuluka pamasamba ngati ufa wofiirira. Ukalowa m'munda mame asanaume, buluku limatuluka litafiira mpaka m'mawondo, ndipo njere za udzu wotero zimapepuka ngati mankhusu. Ine ndinkayenda m'mizere kutembenuza masamba, kenaka n'kusakaniza mankhwala m'thanki ya thirakitala. Tinkapopera ngala zisanatuluke, kukakhala bata, ndipo mankhwala tinkasinthasintha kuti matenda asawazolowere. Nyengo yachinyezi kapitawo sankalola munthu kuchoka. Tsono Khirisimasi iliyonse inkandipeza nditavala chophimba kumphuno.

Kusungulumwa kwa kumeneko sindikufunira munthu. Anzanga ankayankhula zilankhulo zawo, ine sabata inkatha osatchula liwu la Chichewa. Ndinafika poyankhula ndi udzu, kuufunsa kuti wadzuka bwanji. Ndalama ndinkatumiza, sindinaphonye. Koma mauthenga a mayi a Tadala anayamba kufupika. Poyamba ankandiuza za mbuzi, za kwaya, za dzino la mwana. Pomaliza ankangoti, "Talandira. Tili bwino."

Chaka chathachi ndinatopa. Ndinabweza ovololo kwa kapitawo, ndinagula sipuleya yatsopano yapamsana, n'kukwera basi. Kunyumba sindinanene kuti ndasiya ntchito. Ndinkafuna ndikanene pamaso, ndione chimwemwe chawo.

Ndinapeza nyumba ya malata, khola latsopano, nkhungu ikutsika m'phiri monga kale. Anandiphera nkhuku. Tadala, yemwe ndinamusiya akukwawa, anagwada patali n'kundipatsa moni wa ulemu wonse, kenaka anakabisala kumbuyo kwa amalume ake. Mayi a Tadala anandithirira madzi m'manja atagwada, n'kundiikira chakudya m'mbale zija timasungira ansembe akabwera kudzayendera odwala. Ndinadya ndekha.

M'mawa mwake ndinalawirira kumunda. Kachewere anali wobiriwira bwino, koma pamasamba ena a m'munsi ndinaona timadontho takuda ta chiwawu. Mtima unagunda, osati ndi mantha okha ayi, komanso ndi kachimwemwe. Apa pokha panali ntchito yanga. Ndinathamangira kunyumba, kusungunula mankhwala, kubereka sipuleya, n'kubwerera kumunda.

Ndisanapope n'kamodzi komwe, a Gervazio anafika n'kundimasula malamba paphewa, mwaulemu ndithu.

"Iyayi alamu, zisiyeni. Tinapopera dzana ndi achemwali, tibwereza Loweruka. Inu pumulani, ndinu alendo."

Ndinayang'ana mayi a Tadala kuti mwina atsutsa. Anali chiimire pamzere, khasu paphewa, nkhope yabwinobwino yopanda mkwiyo uliwonse. Bola akanakwiya.

"Zoona, bambo a Tadala, musadzivute," anatero. "Nanga mubwerera liti, kuti ndikukazingireni mtedza wa paulendo?"

Ndinakumbukira mawu omwe ndinakonza m'basi muja, oti ntchito ndasiya. Ndinayang'ana munda, ndinayang'ana anthu awiriwo, ndipo ndinadzimva ndikuyankha kuti, "Mwezi wamawa."