Ndinadula Timalamba ta Bodikiti

Ndine amene ndinachotsa zokongoletsa pa galimoto ya bambo a mwana wanga. Pa abale anga sindinauzepo munthu, ngakhale mayi anga ondibereka. Papita miyezi isanu amuna anga akukhulupirira kuti zinabedwa, ndipo pa Kamwendo pali makaniko wachikulire amene akutchedwa wakuba chifukwa cha ine. Ndatopa nako kusunga.

Galimotoyo ndi yaing'ono, yotuwa, imene amanyamulira anthu kuchoka pa Kamwendo kupita ku Boma, nthawi zina mpaka ku boda. Ndiyo imatidyetsa. Mwana wathu ali ndi miyezi itatu, bambo akewo anabwera kuchokera ku Chipata ndi chikatoni chachitali atachimangirira padenga. Mkatimo munali zimene iwo amati bodikiti: chimlomo chapulasitiki cholumikiza pansi pa bampala yakutsogolo, ndi zidutswa ziwiri zazitali zoika m'mbali, m'munsi mwa zitseko. Anati pa siteji magalimoto achuluka, okwera amathamangira yooneka bwino.

"Wondigulitsayo wati zimakwana pa galimoto iliyonse ya mtundu uwu," anatero akung'amba katoni.

Ine ndinaphunzira zosoka ku koleji ya ntchito zamanja, satifiketi ndili nayo, makina anga ali pakhonde. Chovala chokwana munthu aliyense sindinachionepo. Ndinatenga tepi yanga n'kugwada pambali pa galimoto. Zidutswa za m'mbalizo zinatalika ndi zala zitatu. Chimlomocho chinali chopapatiza, mabowo ake osayang'anizana ndi a bampala. Pulasitiki yake ukaipinda pang'ono inkayera, ngati beseni lokhalitsa padzuwa.

"Bambo a mwana, izi sizikwana."

"Iwe, iyi si diresi ya mkwatibwi. Kasoke zako."

Mawa lake tinapita limodzi kwa makaniko, ine ndikupitirira ku msika. Galaja yawo ili kuseri kwa magolosale, pansi pa mtengo wa mango. Ndi bambo a imvi, olankhula pang'onopang'ono, amene akhala akukonza galimoto yathu chiigulireni. Anatembenuza chimlomocho kawiri, n'kupukusa mutu.

"Achimwene, akupusitsani. Izi ndi za galimoto ya chaka china."

"Madala, ingoikani. Ntchito yanu ndi kuika."

Anaika. Zotalikazo anazidula ndi sowo. Kenako anawotcha msomali pa mbaula n'kumaboola nawo pulasitiki, bowo apa, bowo apo, n'kulowetsamo timalamba tapulasitiki tomangira mawaya, n'kukoka mpaka chimlomocho chinagwirana ndi bampala mokakamiza. Anandiyang'ana n'kuseka.

"Mlamu, mwaona? Nafenso timasoka."

Ndinaseka nawo pakamwa pokha. Msoko wokoka chonchi ndimaudziwa. Umaoneka bwino munthu ataima, koma akangowerama, phwee! Makaniko nawo anachenjeza amuna anga kuti asamathamange nayo galimotoyo, ndiponso azisamala pa mahampu. Amuna anga anali ali kale kutsogolo akujambula pa foni.

Kunena zoona, inakongola. Inkaoneka ngati yagwada, yokonzeka kudumpha. Pa siteji anzawo ankaiimbira mluzu.

Lamlungu lina tinanyamuka kukaonetsa mwana kwa apongozi kumudzi, cha kwa Zulu. Ndinakhala kutsogolo mwana ali pamiyendo, monga timachitira tonse. Titangoyenda pang'ono, kutsogolo kunatulukira chithiraki chochokera ku boda, chikuthamanga. Chitatidutsa, mphepo yake inamenya galimoto, ndipo ndinamva kuti thyo! Kenako phokoso ngati munthu akukoka lata pamiyala. Ngodya ya chimlomo chija inali itaduka n'kupindikira pansi pa tayala. Chiwongolero chinawapulumuka amuna anga. Galimoto inakhotera kumanzere, kumene amayi ena anayala tomato m'mbali mwa msewu. Ndinawaona akubalalika. Ndinaphimba mutu wa mwana ndi mkono, chigongono changa n'kumenya kutsogoloko mwamphamvu. Tinaima tayala limodzi lili m'ngalande.

Mwana sanalire nthawi yomweyo. Anangotsegula pakamwa, maso ali tong'o. Kamphindi kameneko sindidzakaiwala. Atalira, nanenso ndinalira.

Bambo ake anatsika, anapepesa amayi a tomato aja, anatola waya pa mpanda wina n'kumanganso ngodyayo.

"Waona? Palibe chachitika," anatero akupukuta manja pa thalauza.

Sabata yonseyo ndinawapempha kuti achotse bodikiti ija. Ndinayamba mofatsa, kenako molira. Ndinati m'galimotomo mumakwera amayi oyembekezera, mumakwera ana a sukulu. Anati ndimakonda mantha, waya ndi wolimba kuposa timalamba. Anati akachotsa, anzawo pa siteji anena kuti akulamulidwa ndi mkazi. Tsiku lililonse akamatuluka pageti ndinkamva chimlomocho chikukhula pansi, ndipo singano inkandibaya chala chifukwa maganizo sanali pa nsalu.

Lachinayi kunagwa maliro kumudzi kwawo. Mvula inali itawononga msewu wa fumbi, ndipo galimoto yotsika choncho sikanadutsa, choncho anakwera lole ya anzawo n'kuisiya pakhomo. Mwana atagona, cha m'ma naini m'mawa, ndinatseka geti ya mpanda wathu wa udzu. Ndinatenga sizasi yanga yaikulu, yodulira nsalu. Ndinagona chagada pa chiguduli n'kuyamba kudula timalamba tija kamodzikamodzi. Waya uja ndinamasula ndi zala. Sizinavute n'komwe, ndipo zimenezi ndi zomwe zinandiopsa kwambiri: zinthu zonsezo zinkangolendewera pa tizingwe toti mayi wa mwana wakhanda n'kudula asanatuluke thukuta.

Zidutswazo ndinaziponda mpaka kuthyoka, n'kukaziponya m'chimbudzi chakale chimene tinasiya kugwiritsa ntchito kuseri kwa nyumba. Kenako ndinabereka mwana n'kupita ku sikelo, ngakhale silinali tsiku lathu, kuti anthu andione kumeneko.

Amuna anga atabwera madzulo, anaima pageti akuyang'ana galimoto. Ine ndinayamba ndekha, asanandifunse.

"Ndinapita ku sikelo. Pobwera ndapeza zili chonchi."

Ndinkaganiza kuti akalipa, adandaula masiku awiri, nkhani n'kutha. Sindinaganize kuti afunafuna wakuba wake. Anazungulira galimoto katatu. Galasi silinasweke, batire ilipo, wailesi ilipo.

"Wakuba uyu amadziwa chomwe amafuna," anatero. "Ndipo amadziwa momwe zinamangidwira."

Anakumbukira kuti makaniko aja anawauzapo za dalaivala wina amene ankafunsa komwe angapeze bodikiti yotere. Basi, mlandu unali utagamulidwa.

M'mawa mwake ndinakwera nawo, ndikunena kuti ndikukagula ulusi. Mumtima ndinkati zikafika poipa ndiulula. Tinapeza makaniko ali pansi pa minibasi, miyendo yokha ikuoneka. Madalaivala atatu anali pa benchi akudikira.

"Madala, tulukani! Katundu wanga mwagulitsa kwa ndani?"

Anatuluka pang'onopang'ono, akupukuta mafuta kumaso.

"Mwadzuka bwanji kaye, achimwene?"

"Za moni zisiyeni. Munamanga ndinu, mwamasulanso ndinu."

Mmodzi wa pa benchi anaseka. "Ndiye galaja ya masiku ano imeneyo, kuika Lolemba, kuchotsa Lachinayi!"

Makaniko anasendera pafupi. Anagwada kutsogolo kwa galimoto yathu, n'kusolola kachidutswa ka lamba kamene kanatsalira m'bowo. Anakayang'ana nthawi yaitali, akukatembenuza ndi zala zakuda ndi mafuta.

"Wakuba amadula ndi mpeni, mothamanga, amasiya zokanda," anatero. "Izi zadulidwa mofatsa. Ndi sizasi yakuthwa bwino."

Atatero anadzutsa maso n'kundiyang'ana. Osati mokwiya. Anayang'ana ine, kenako mwana kumsana kwanga, kenako chigongono changa chomwe chinali chikadali chotupa. Ndinatsegula pakamwa, ndikulumbira ndinatsegula, koma amuna anga anandipitirira.

"Mwamva? Akudziwa ndi chodulira chomwe! Wosalakwa angadziwe bwanji?"

A pa benchi aja anaombera m'manja ngati ali ku mpira. Makaniko anaponya kachidutswako pansi n'kubwerera kunsi kwa minibasi. Ine sindinaulule. Ndinakagula ulusi umene sindinkaufuna.

Nkhani inafika pa siteji tsiku lomwelo. Madalaivala anayamba kupita kwa makaniko wina. Ndikamadutsa popita ku msika ndinkaona pansi pa mango paja pali mbee, mwiniwake atakhala pa tayala lakale akusenda mtedza. Ndinayamba kuzungulira njira ina. Galimoto yathu ikuyenda bwinobwino, mahampu ikukwera osakhula, kumudzi ikufika. Mwana wayamba kukwawa. Ndikamuyang'ana sindinong'oneza bondo kuti ndinadula. Koma ndikamva amuna anga akuuza mlendo kuti "kuli mbava ina pa Kamwendo", ndimadzuka n'kutuluka panja.

Sabata yatha ndinalimba mtima. Ndinapita ku galajako masana, n'kugwada pa dothi la mafutalo.

"Bambo, ndine ndinachotsa. Mundikhululukire."

"Dzukani, mlamu, mudetsa chitenje. Ndinadziwa tsiku lomwe lija. Mwana ali bwanji?"

"Ali bwino."

"Ndiye munachita ntchito imene ndinayenera kuchita ine. Ndikanakana kuziika zija. Koma kupepesa kwa pano sikundithandiza. Dzina langa linaipira pa siteji, ndipo amene analitengera kumeneko ndi amuna anu. Ine sindikawauza. Banja ndi lanu."

Ndinabwerera kunyumba nditakonza mawu onse. Amuna anga atafika anamunyamula mwana m'mwamba, mwana akuseka, iwonso akuseka, ndipo mawu aja anandithawa. Ndimawadziwa. Kuchotsa bodikiti angakhululuke. Koma kuti ndinaima pambali pawo, iwo akutukwana munthu wamkulu pagulu, ine ndikudziwa zoona, n'kuwasiya achite manyazi otere, sindikudziwa ngati ndingagonenso m'nyumba muno. Mayi anga ali ndi chipinda chimodzi.

Tsono ndikufunseni inu amene mwawerenga, makamaka amayi anzanga. Mukanakhala inu, mwana wanu ali pamiyendo tsiku lija, simukanadula? Nanga pamene ndafikapa, bambo aja akusenda mtedza pagalaja popanda galimoto, ndinachita bwino kupulumutsa wanga n'kusiya wina amire? Ndiwauze amuna anga, kapena ndachedwa kale?