Chaka Chimene Mawu Anga Analowa M'kompyuta

Mpaka lero ndikamva fungo la fumbi lopsa, lija limatuluka kumbuyo kwa kompyuta yakale ikatentha, ndimadzuka n'kukatsegula zenera. Ku ofesi kumene ndimagwira ntchito ya ulembi iliko imodzi yotero, ndipo anzanga amadabwa kuti ndimatseguliranji zenera ngakhale m'nyengo yozizira. Sindinawauzepo. Fungo limenelo limandibweza pa Benga, m'kashopu ka malata koyandikana ndi chigayo cha mpunga, kumene mankhusu ankalowa pansi pa chitseko n'kumayabwa m'khosi. Ndinali ndi zaka khumi. Mpunga unali utayamba kucha kudambo, ndipo mwera unali utangoyamba kuwomba.

Tinkakhala kumunsi, m'njira yopita kunyanja. Adada anali msodzi, amama ankalima mpunga. Makolo awo anachokera kumpoto, n'chifukwa chake kwathu sitinkati abambo ndi amayi. Tinabadwa awiri okha, ine ndi achimwene a Wongani, amene anandiposa zaka zisanu ndi zinayi. Atamaliza Fomu 4 anakana kukwera bwato, ndipo a Saidi, mwini kashopu kaja, anawalemba ntchito yobena nyimbo. Munthu ankabwera ndi memore khadi ya mufoni, n'kutchula nyimbo zimene akufuna, za kwaya kapena zovina, achimwene n'kumuikira. Kompyutayo inali yakaunjika, yochokera kunja, ndipo mwini wake woyamba anaiwala kufufuta nyimbo zake. Achimwene anazipeza nyimbozo, ndipo zinawagwira ngati mbedza.

Sindikudziwa kuti ndizifotokoze bwanji kwa munthu amene sanazimvepo. Nyimbo imodzi inkatha mphindi makumi awiri. Inkayamba pang'onopang'ono ngati mvula yowaza pamalata, kenako ng'oma zinkabwera zonse pamodzi ngati chigayo chameza mwala, ndipo mwamuna wina ankabuula kuchokera pansi pa chifuwa ngati ng'ombe ikuzingidwa. Ukati wazolowera, zonse zii, gitala mmodzi yekha n'kumalira ngati wasochera. Kuvina sizinkatheka. Ukaponda pamene ukuganiza kuti pali pansi, phazi linkapeza kuti nyimbo yasuntha kale. Tsiku loyamba kundiveka mahedifoni ndinawataya n'kuthamangira panja, achimwene akuseka mpaka kutsokomola.

Koma ndinabwerera, chifukwa ndinkawakonda achimwene kuposa aliyense, ndipo chimene ankachita masana kukakhala kulibe makasitomala chinkandichititsa chidwi. Anali atamva, pa intaneti ya kuboma, kuti kunja kuli anthu okonda nyimbo zoterozo amene amadula zigawo zake n'kuzilukanso mwa njira yawo, kenako n'kumatumizirana. Achimwene nawonso anayamba. Pa sikirini nyimbo inkaoneka ngati minga ya nsomba yaitali, ndipo ankaidula ndi mbewa ya kompyuta, chidutswa ichi n'kuchibwereza, icho n'kuchitembenuza. Ankakonda kwambiri pakati paja pamene gitala amatsala yekha. Anandiphunzitsa kuti pamenepo sawerenga mpaka folo ngati nyimbo zathu, amawerenga mpaka seveni. Ndinkagogoda tebulo ndi chala, wani, thu, fili, mpaka seveni, n'kubwereranso, ndipo tsiku limene ndinakhoza osaphonya anandigulira chitumbuwa.

Nyengo imeneyo ntchito yanga ndikaweruka kusukulu inali yoingitsa mbalame kudambo. Ndinkaima pachulu ndi chitini ndi kamtengo, matope atauma m'miyendo, mphepo ikudutsa m'diresi, n'kumakuwa mpaka dzuwa kupendeka. Pokuwa pokuwa ndinapeka kanyimbo kanga kolalatira mpheta kuti zisiye mpunga wa amama, ndipo ndinazindikira kuti ndikakakoka pang'ono kankakwana mu seveni muja. Apa ndiye ndinene zoona zake, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Ine ndi amene ndinapempha achimwene kuti andijambule. Iwo anakana masiku atatu, amvekere adada akamva sizikhala bwino. Ndinawalondola, ndinalira, ndinawasesera mushopu popanda kutumidwa. Tsiku lachinayi anatseka chitseko, anadikira chigayo kuti chizime, n'kundiikira kamaikolofoni kukamwa. Atamaliza kuluka anandimvetsera. Mawu anga anali atatu, ena pamwamba, ena pansi okhuthala ngati a munthu wamkulu, akuyenda pamwamba pa gitala uja. Ndinanyada.

Sabata yotsatira kumpingo kwathu kunali pepa Sande, tsiku losonkhetsa ndalama za mpingo. A Nankhoma, amene ankatsogolera amayi, anabweretsa khadi kuti aikidwe nyimbo za kwaya zovinira popereka. Tsikulo magetsi ankangophethira, mayiwo ali chiimire pakhomo kufulumizitsa, ndipo achimwene anakokera nyimbo zonse za pamalo amodzi osayang'anitsitsa. Yathu ija inapita nawo. Ine Lachisanu lake ndinabwera kudambo kukhosi kukuwawa, ndipo pofika Loweruka mawu anali ataphweratu. Ndikati ndiyankhule munkangotuluka mpweya. Amama anati ndi mwera umenewo, n'kundimanga mpango m'khosi.

Lamulungulo anatulutsa mabenchi panja chifukwa anthu anachuluka, ndipo zimkuzamawu ziwiri zobwereka anaziika patebulo. Amayi ovala zitenje zofanana ankavina pamzere, maenvulopu m'manja. Nyimbo ina itatha panakhala kabata pang'ono, kenako gitala uja anayamba. Ndinamuzindikira nthawi yomweyo. Achimwene anali atasiya kubuula kwa mwamuna uja koyambirira, atakutembenuza chammbuyo, moti kunkamveka ngati chinthu chikumeza m'malo molavula. Mzere unasweka. Mwana wina anayamba kulira. Mnyamata woyendetsa zimkuzamawu anasokonezeka, m'malo mozimitsa anakweza, ndipo mawu anga atatu anadzaza bwalo lonse mpaka kumsewu.

"Si mwana wa a Nyachirwa ameneyu?" anatero a Nankhoma, akuloza zimkuzamawu koma maso ali pa ine. Anabwera n'kundigwira chibwano. "Iwe Lusungu, tayankhula. Tchula dzina lako."

Ndinatsegula pakamwa. Munatuluka mpweya wokha.

Sindiiwala mmene anthu anabwerera m'mbuyo, pang'ono pokha, ngati mmene amachitira akaona njoka imene sakudziwa ngati yafa. Pofika Lolemba nkhani inali itafika kudoko ndi kumsika. Ankati mnyamata wa a Nyachirwa walowa za usatana, wagulitsa mawu a mlongo wake kwa azungu a m'kompyuta, ndipo chobuulacho ndi chimene chinawalandira. Ena ankati khadi iliyonse imene inadutsa m'manja mwake yatenga kanthu, ndipo anthu ankachotsa makhadi m'mafoni n'kuwaponya m'chimbudzi. A Saidi anakhoma loko pashopu. Anzanga amene tinkaingitsa nawo mbalame anasamukira pachulu china. Lachiwiri masana, amama akupeta mpunga, miyala itatu inagwa padenga pathu, ndipo tinamva anyamata akuthawa m'chinangwa.

Choipa kwambiri n'chakuti inenso ndinayamba kukhulupirira. Ndinkapita kuseri kwa bafa, n'kuyang'ana m'ndowa ya madzi nditayasamula, kufuna kuona ngati m'khosi mwatsala dzenje. Ndinkaganiza za mawu anga ali m'bokosi lotentha lija, loko ali panja, okhaokha ndi mwamuna wobuula uja. Ndinkawerengera kuti ngati anali atatu m'nyimbo ndiye kuti anatengedwa onse, osatsala ngakhale oitanira amama. Ndiponso ndinkadziwa za mtsikana wina wa mudzi wapafupi amene chaka chapitacho anamunena kuti amaphunzira ufiti. Anamumeta mpala, anamusalitsa kudya masiku atatu akumupempherera, ndipo kusukulu sanabwererenso. Tinkamuona pachitsime atakhala payekha, chidebe chake chili chomaliza pamzere tsiku lililonse.

Lachitatu dzuwa lili paliwombo anabwera akuluakulu awiri a mpingo, a Nankhoma ndi a Saidi. Anakhala pakhonde. Adada anali asanagone chibwerere kunyanja, maso ali psu. Achimwene anakhala pansi pafupi ndi mtondo, atavala malaya awo abuluu a thumba pachifuwa. Anayesa kufotokoza kuti ndi nyimbo chabe, kuti kompyuta simeza kanthu, imangokopera ngati mmene amakopera notsi pabolodi. A Saidi anawathandiza, amvekere iwo amaswali kasanu patsiku ndipo sangasunge ziwanda mushopu mwawo. Palibe amene ankamva. Kenako mkulu wina anandiitana, anandiimika pakati, n'kuyankhula mofatsa kwambiri, kufatsa kumene kunandiopsa kuposa kukalipa.

"Mwanawe, sutha kuyankhula, tikudziwa. Ungogwedeza mutu. Unapita wekha kukapereka mawu ako, kapena anakukakamiza?" Anadikira. "Anakukakamiza?"

Ndinaona mpala wa mtsikana uja. Ndinaona chidebe chomaliza pamzere. Ndinagwedeza mutu kuvomera.

Achimwene anandiyang'ana nthawi yaitali. Dzanja lawo linapita pathumba la malaya, linakhala pamenepo, kenako linatsika. "Ndi zoona," anatero. "Mwanayu anakana. Ndinachita kumuopseza." Amama anaphimba nkhope ndi chitenje. Adada sanawamenye. Anangonena kuti mawa lake akwere minibasi yoyamba apite kwa amalume ku Mzuzu, anthu asanawotche nyumba. M'mawa mwake ndinaima kuseri kwa nkhokwe n'kumawaona akukwera njira ya kumsewu ndi kachikwama kamodzi, mwera ukukupiza malaya abuluu aja. Sanacheuke.

Akazi a a Saidi anatumiza uchi m'kabotolo ndi mandimu, ndipo amama ankandimwetsa m'madzi ofunda. Loweruka ndili ndekha kudambo, mpheta zinatera, ndipo ndisanaganize ndinakuwa. Mawu anatuluka, okanda koma anga. Ndinakhala pansi pachulu n'kulira, chifukwa ndinadziwa chimene anthu anene. Mawuwo ndinawabisa masiku ena awiri, mbalame zikudya mpunga ine ndikungomenya chitini. Amama atandigwira ndikuyankhula ndi nkhuku, nkhani inamveka kuti mnyamata atangochoka mawu abwerera. Kumpingo anayamika. Umboni wotsiriza womangira achimwene unatuluka pakamwa panga pomwe.

Sanabwerenso kudzakhala kwathu. Pa maliro a adada anafika m'mawa n'kunyamuka madzulo, ndipo amayi ena ankakokabe ana awo akamadutsa. Ine ndinapitiriza sukulu, ndinapeza setifiketi yanga, ndinakwatiwa. Ine ndi achimwene tinkaimbirana foni, kufunsana za mvula ndi za amama, koma za Lachitatu lija ayi.

Mwezi wathawu mwana wanga Tadala, wa zaka zitatu, anadzuka mawu ataphwa. Anandiitana, munatuluka mpweya wokha. Ine amene ndimadziwa bwino kuti ndi chimfine, ndinamubereka n'kuthamanga naye kuchipatala nditavala masilipasi osiyana. Ndimangokhala choncho ndi mwanayu, ndimamuyang'ana mopitirira, bambo ake amandinena. Titabwerako, iye atagona pamphasa, ndinawaimbira achimwene n'kunena zonse, kuti ndinanama, kuti ndinawathamangitsa kwawo ndi mutu wanga. Anati ndidikire anditumizire kanthu.

Sinali nyimbo ija. Zinali zimene anajambula tsiku lomwe lija asanayambe kuluka. Kumbuyo kukumveka chigayo chikuzima. Kenako kamtsikana, mawu akuthwa ngati wezulo: "Achimwene chonde, kamodzi kokha. Ndasesa kale. Ndikalakwitsa seveniyo mundichotse." Iwo akuseka, kamtsikana n'kuyamba kuimba. Ndinamvetsera katatu ndisanaimbenso foni kufunsa kuti zinali kuti zimenezi nthawi yonseyi. Anati zinali pakhadi yawo, m'thumba la malaya, pakhonde paja.

"Nanga bwanji simunawamvetsere?"

"Akanamva kuti unafuna wekha, akanakumeta, Lusu," anatero. "Ine ndinali ndi pothawira. Iwe ukanapita kuti?"

Ndili mwana ndinkaganiza kuti achimwene ananditengera mawu, ndipo kuti anabwerera chifukwa iwo anachoka. Tsopano ndikudziwa kuti mawuwo anachotsedwa ndi mwera ndi mpheta, ndipo uchi unawabweza. Amene anakhala chete zaka zonsezi ndi achimwene, dzanja litafika pathumba n'kutsikanso. Tadala anachira pa masiku anayi. Dzulo ndinamupeza akugogoda mphika ndi supuni, ndinakhala naye pansi, ndinagwira kadzanja kake, ndipo tinawerenga mpaka seveni.