Bwato la Malata pa Dziwe la Njerwa

Senderani kuno mumve. Fungo la phula akuthira mumsewumu landikumbutsa ku Chinsapo, matipate atangoyamba kumene, ine ndili kamtsikana.

Kuseri kwathu kudali dziwe lalikulu, pomwe anthu adakumba dothi la njerwa. Tsiku lina ndikuchapa, mphepo idakankha beseni langa mpaka pakati pa dziwe. M'besenimo mudali bulauzi yoyera ya amayi yopitira kutchalitchi, imodzi yokhayo. Kusambira sindinkadziwa.

Bambo ena a kumpoto, oyandikana nafe, adali atakhomera ana awo kabwato ka malata, komata ndi phula. Thanga lake lokolera mphepo lidali thumba la feteleza. Iwowo sakadakwanamo.

"Kwera, mwanawe," adatero. "Chingwe cha thanga ugwire m'manja, usamangirire. Thabwali ndilo lokhotetsera."

Anyamata adaseka m'mbalimo. "Ameneyu timuvuula ndi mbedza!"

Mphepo itakula, bwato lidapendekeka, madzi ozizira n'kundinyowetsa diresi. Ine ndi mantha ndidakoka chingwe zolimba, monga timachitira ndi mbuzi yofuna kuthawa.

"Mphepo si mbuzi, iwe!" adakuwa bambo aja. "Masula pang'ono, ipume!"

Ndidamasula. Abale, bwato lidadzuka! Thumba lidafufuma, madzi n'kuyamba kuyimba pansi pa malata. Ndidakhotetsa ndi thabwa mpaka ndidaligwira beseni lija, n'kutukula bulauzi m'mwamba, yopanda thope ngakhale dontho.

Amayi ochapa adaimba nthungululu. Anyamata aja nawo, "Bwera, tikwereko!"

"Dikirani," ndidatero, "ndizungulirenso kaye."