Bambo amene anaseketsa anthu pa malilo a amai

Amai anamwalila ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Za tsiku la malilo ao ndinasunga chimodzi: bambo wina wamtali anavala chitenje cha amai, n'kumayenda motsimphina monga ankayendela iwo, anthu n'kumaseka. Anauzanso mtembo kuti, "Dzuka waulesi iwe, m'munda mwako muli udzu."

Ndinakulila kwa ambuya, agogo anga aakazi, kumudzi kufupi ndi Nyimba, ndipo bamboyo sindinkamupatsa moni. Akabwela kudzafolela nyumba yathu, ine ndinkathawila kumtsinje. Mumtima ndinalumbila kuti ambuya akadzamwalila, iyeyo sadzaponda pakhomo pathu. Palibe anandifunsa, poti ndinali mwana wosayankhula kale.

M'zaka za boma la Chitaganya, nthawi ya atsamunda, ndinapita kusukulu yogonela komweko cha ku Minga. Lachisanu masana aphunzitsi athu ankatseka buku la za boma, n'kutitulutsa pansi pa mtengo wa mango kukaphunzila za kakhalidwe ka anthu. Mpaka lelo ndimamva fungo la mango oola ndi choko cha m'manja mwao. Ankakonda kunena kuti, "Musathamangile kuweluza. Ndiuzeni wachita ndani, wachitila yani, ndipo akaleka chionongeka n'chiyani."

Tsiku lina anatiuza kuti tilembe za msonkhano uliwonse umene tinaona ndi maso athu. Ine ndinalemba za malilo aja, osasiya choipa chilichonse cha bambo uja. Atawelenga, anandiimilitsa.

"Manda anakumba ndani?"

"Bambo omwewo."

"Nanga anatsitsa mtembo?"

"Omwewo."

"Iwe pochoka kumanda unabwela bwanji?"

Apo m'pamene ndinakumbuka. Ndinabwela pamapewa pa bamboyo, nditagwila tsitsi lake. Zimenezo sindinalembe.

Mnzanga wa ku Sandwe anaphulika kuseka. "Aphunzitsi, uyu sadziwa anungwe! Unakulila m'nkhokwe iwe?"

Aphunzitsi sanali akwathu, ndiye anati, "Tiphunzitse ndiwe." Mnzangayo anafotokoza kuti mtundu uliwonse uli ndi mtundu unzake wonyozana nao. Amenewo ndiwo anungwe. Kwanu kukagwa malilo, amakumba ndi iwo, amanyamula ndi iwo, ndipo amaseketsa ofedwa kuti chisoni chisawatsamwitse. Kwao kukagwa, ntchito ndi yanu. Mudzi wonse unkadziwa zimenezi, kotelo palibe anaganiza zondiuza.

Pa tchuthi ndinakapeza bamboyo ali padenga, mtolo wa udzu m'manja. Sindinathawe.

"Wabwela mzungu wathu wosayankhula," anatelo. "Ambuya akowa afa liti? Khasu langa lachita dzimbili kudikila."

"Udzayamba ndiwe, fisi iwe!" anakuwa ambuya ali pamphasa.

Ine ndinati, "Muzitsika bwino, bambo. Mukagwa, dzenje la munthu wamtali chonchi ine sindikumba. Tidzakupindani."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaseka mpaka mtolo unamupulumuka n'kugwela pa nkhuku. Atatsika ndinamupatsa moni ndi manja awili, woyamba chimwalilile amai.

Ambuya anakhalabe zaka zinayi. Atatisiya, ndinapita ndekha kukaitana bamboyo. Anabwela ndi khasu lake lija, anamanga duku ya ambuya kumutu, n'kuyamba kukalipila nkhuku ndi mau ao enieni. Ndinaseka misozi ili m'masaya, ndipo pobwela kumanda tinayenda limodzi.