A Levulo ndi Dothi la Eni Ake

Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi akazi awo okha. Ena onse ankangoti a Levulo, chifukwa levulo, kachipangizo koonera ngati khoma lawongoka, sinkachoka m'thumba la ovolosi yawo. Akazi awo ankakonda kuseka kuti tsiku limene bambowa anakaonekera kwa apongozi, anayamba ayeza kaye khonde n'kunena kuti lapendama.

Ntchito yawo inali yomanga makoma ogwira dothi. M'tauni yawoyo nyumba zambiri zinali pamtsetse, ndipo mvula ikagwa, dothi la wakumtunda linkakathera pakhomo la wakumunsi, mikangano n'kubuka. A Levulo ankadula mtsetsewo m'magawo, gawo lililonse n'kulitchinga ndi khoma la miyala. Kuseri kwa khomalo ankathirako miyala ing'onoing'ono, m'munsi n'kusiya timabowo totulukira madzi. Luso limeneli anaphunzira kwa amalume awo, ndipo pa zaka makumi atatu palibe khoma lawo limene linagwapo. Anali munthu wosalankhulalankhula, wosakhulupirira chinthu chimene sangachiyeze.

Chaka china, dzuwa likuswa mtengo, anaitanidwa ndi mayi wina wamasiye, nesi wopuma pa ntchito, amene aliyense ankangomutcha Anesi. Kuseri kwa nyumba yawo kunali katondo wouma gwa, wong'ambika ndi madzi. Ankafuna magawo atatu: kumtunda kapinga, pakati maluwa, kumunsi ndiwo zamasamba. A Levulo anamanga makoma awiri ofika m'chiuno, masitepe n'kuwaika chakumbali, kufupi ndi mpanda. Atatha, anaitanitsa malole atatu a dothi lakuda.

Dothilo linali labwino modabwitsa, lofewa, lodzaza nyongolotsi. Polisefa dothilo, a Levulo anapezamo mabatani awiri ndi chogwirira cha keni yothirira. Analifumbata n'kulinunkhiza.

"Ili wina analisamala," anauza Anesi. "Silochokera kutchire ayi."

Mvula yoyamba itagwa, Anesi anawaimbira foni. "Bambo, tabwerani mudzaone nokha. Pafoni sindingathe kufotokoza."

Pagawo lapakati, pomwe Anesi anali asanadzalepo kanthu, panali patamera anyezi ndi tomato.

"Mbewu zinabwerera m'dothi momwemo," anatero a Levulo. "Zimachitika."

"M'mizere?"

A Levulo anayang'ananso. Mizere isanu, yowongoka ngati wina anakoka chingwe. Dothi limeneli linakhuthulidwa ndi lole, linasefedwa, linayenda pawilibala.

Panalinso china. Kuchokera pampopi wakumtunda, kanjira kakang'ono kopondedwa mpaka kulimba kanadutsa pakati pa kapinga n'kukafika pakhoma, kenako n'kupitirira kumunsi kwake. Pamalo pomwepo mwala wapamwamba unali utazuka n'kugwa. Anesi ankakhala okha, analibe galu, ndipo geti linkakhala lokiya.

Za anyezizo a Levulo akanatha kuziiwala, koma za mwala zinawapweteka mumtima. Anaubwezeretsa ndi simenti yambiri, kanjira kaja n'kukatipula. Patatha sabata, mwala unali pansi, kanjira kali mbee. Anakonzanso. Unagwanso.

"Mwakalamba basi, vomerezani," akazi awo anawaseka akuwapatsira tiyi. Koma bambowo sanaseke nawo.

Tsiku lotsatira anapempha Anesi kuti akhale m'mundamo tsiku lonse. Anesi anapita kumsika n'kukiya geti. A Levulo anakhala pansi pagawo lapakati n'kutsamira khoma lakumtunda, miyendo atatambasula, pafupi ndi mwala wovutawo. Mvula inali itadula masiku asanu ndipo dothi linali litayamba kuuma. Dzuwa litafika paliwombo, mbalame zonse zinangoti zii.

Ndipamene anamva madzi akulowa m'keni. Aliyense amalidziwa phokosoli: limayamba ndi mawu aakulu, n'kumachepa keni ikamadzaza. Anadzuka pang'ono n'kusuzumira kumtunda. Pampopi panalibe munthu, panalibenso keni. Mpopiwo unkangodontha.

Anakhalanso pansi. Patapita kanthawi, pamwamba pa mutu wawo timchenga tinayoyoka. Mwala unalira ngati wina wautsamira ndi thupi lonse, ndipo panamveka kubuula kwa munthu wachikulire amene maondo akumupweteka: "Eeeh!"

A Levulo anangozindikira kuti avula chipewa ndipo apinda miyendo kuti munthu adutse. "Pepani, bambo," pakamwa pawo panatero pokha.

Mzere woyamba wa anyezi unayamba kuda ndi chinyezi, kuchokera kumapeto kuno, pang'onopang'ono, mpaka uko. Kenako wachiwiri. Iwo sanadikire wachitatu. Anakaima pageti lokiyalo mpaka Anesi atabwera, ndipo anawauza zonse mosabisa.

M'mawa mwake anakasaka dalaivala wa lole uja pamalo pomwe malole amaima.

"Dothi lija munalitenga kuti?"

"Kumene akugumula nyumba zakale kuti amange masitolo. Unali munda wa mdala wina, wosoka nsapato. Akuti anaulima zaka makumi anayi. Bwanji, lavuta?"

"Mdalayo anamwalira liti?"

Dalaivala anaseka. "Kumwalira? Alipo! Anafa ziwalo chaka chatha, mwana wake wamkazi n'kumutenga. Amakhala m'nyumba zosanja zija, kuseri kwa depoti."

A Levulo akanakonda kumva kuti munthuyo anamwalira. Zimenezo bola, anthu amazikamba. Komabe anapita. Mwana wa mdalayo, mayi wa nkhope yotopa, anawalandira pa nsanjika yachitatu n'kuwalowetsa m'kachipinda konunkha mankhwala opaka. Pawindo panalibe ngakhale duwa la m'chitini.

"Sayenda, chaka chatha tsopano," anatero mayiyo motsitsa mawu. "Masana alionse amagona tulo tofa nato, ndiye akadzuka amadandaula kuti atopa. Ine chimene chimandisokoneza ndi zikhadabo. Ndimazitsuka m'mawa, pofika madzulo zada bii. Akugwira chiyani pabedi pomwepa?"

Mdalayo anali wowonda, mbali imodzi ya nkhope itagwa. Anayang'ana alendowo nthawi yaitali, kenako anayang'ana manja awo.

"Ndinu amisiri aja," anatero movutikira.

"Ndine, bambo."

"Munakhala panjira dzulo."

A Levulo anavula chipewa.

"Khoma lanu n'labwino," anapitiriza mdalayo. "Madzi akutuluka bwino. Koma n'lalitali, mwana wanga. Ndi keni yodzaza, maondo anga sakulitha. Masitepe anu aja ali kutali."

"Ababa, mwayambanso kulota," anatero mwana wawo akuwakonzera pilo. "Muwakhululukire, amalankhula zosamveka."

"Ndamva, bambo," anatero a Levulo.

Pobwerera ankaopa kuti Anesi alamula kuti dothi lonse lichotsedwe. Koma mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pachibwano.

"M'chipatala ndinagwiramo zaka zambiri," anatero. "Odwala ogona pabedi amapita kutali, ife timangoona thupi. Ndinkangoopa kuti ndi wakuba. Gumulani pamenepo, muike masitepe afupiafupi. Muikenso chogwirira, munthu wa matenda amenewo amagwa msanga."

Kanali koyamba a Levulo kugumula khoma lawo lomwe. Anamanga masitepe asanu otambalala bwino, chitsulo chogwirira n'kuchiika kumanzere, poti anali ataona kuti dzanja lamanja la mdalayo ndi limene linafa. Ankagwira ntchito m'mawa mokha. Dzuwa likamakwera ankatsuka chipande chawo chomangira n'kumapita.

Mwala sunagwenso. Anesi anasiya za maluwa, gawo lapakati n'kulisiyira mwini dothi uja. Anyezi anabereka kwambiri, ndipo a Levulo ananyamula thumba lathunthu kukapereka ku nyumba zosanja zija. Mwana wa mdalayo anathokoza, osadziwa chifukwa chake anthu achilendo akuwakomera mtima chotere.

Nyengo yozizira itayamba, Anesi anaimbanso foni. "Lero ndi tsiku lachiwiri mizere ili youma," anatero. "Tapitani mukaone."

A Levulo anavala jekete lawo lakuda asananyamuke n'komwe. Atafika ku nyumba zosanja zija, anapeza anthu obwera pamaliro atadzaza m'masitepe kuyambira pansi mpaka pa nsanjika yachitatu.

Anagwirabe ntchito zaka zina zisanu ndi zitatu, mpaka msana utawakaniza. Koma dothi la palole sanagulenso. Mwini nyumba akafuna dothi lakuda, ankamuuza kuti akumbe dzenje, aziponyamo masamba ndi manyowa, adikire chaka. Ena ankanyansidwa n'kukafuna mmisiri wina wachangu, ndipo a Levulo ankangowatsanzika mwaulemu n'kukankha wilibala yawo kubwerera kunyumba.