Lole Inandisiya pa Nsolo

Munali mu 1958, ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Sukulu ndinali nditalekeza Sitandade 3. Atate anapita ku Walale, kumafamu a fodya, ine ndili kumsana, ndipo anatchona. Kwathu ku Zemba ndinkadziwika ndi chinthu chimodzi: nsolo. Anyamata anzanga anali ataleka kusewera nane. Ngakhale amuna andevu, ndikakhala pansi, ankakumbukira ntchito za kudimba.

Titakolola chaka chimenecho, kunamveka kuti kumsewu waukulu kubwera lole yotenga anthu opita kumafamu. Anzanga awiri, Yobe ndi Lameki, anati tipite. Ndinali wamtali, zaka ndikanatha kunama. Ndinkafuna nsapato. Ndinkafunanso kukawaona atate ndi maso anga. Amayi sindinawauze. Ndinamanga malaya ndi mbatata zootcha m'kansalu, n'kubisa pansi pa nkhokwe.

M'mawa wa tsikulo, ndikuzemba ndi kaphukusi kanga, ndinapeza atsibweni aZakeyo, alongo awo a amayi, atakhala pansi pa mtengo pamene panali maenje a nsolo. Anali atasesamo kale, miyala ataika. Ndinadabwa. Iwo anali mkulu wa mpingo, ndipo ankati nsolo ndi masewera a aulesi.

"Mphwanga, ulendo?"

"Ndikupita kwa Yobe."

"Kwa Yobe akupita ndi phukusi masiku ano? Khala pansi. Akuti pamudzi pano ulibe mnzako. Undigonjetse kaye, ukatero uzipita kumene ukupitako. Sindikugwira mwendo."

Ndinayang'ana dzuwa. Lole inali ya masana. Mumtima ndinati awa ndithana nawo mame asanaume.

Tinali ndi lamulo pamudzi pathu: wonyamuka masewera asanathe ndiye wagonja, ndipo mudzi wonse umamva.

Atsibweni ankasewera ngati munthu wodzala chimanga pamiyala. Ankawerenga maenje ndi chala, kufika kumapeto, n'kuyambiranso. Anaitanitsa madzi akumwa. Anachotsa minga kuphazi. Kundidya sankafuna n'komwe. Miyala yawo ankangoithawitsira kumzere wakumbuyo, kumene sindikanaifikira. Ndinkawatsomphola umodziumodzi, ngati nkhuku yojompha chimanga m'nkhokwe yotseka.

Anthu anayamba kusonkhana.

"AZakeyo, mukuwerenga maenje kapena Masalimo?"

"Mwana akuvulani malaya pagulu, akulu a mpingo!"

Iwo osadzutsa mutu anati, "Malayawo ndi anga."

Dzuwa litafika pamutu, Yobe anabwera akuthamanga, thukuta lili kamukamu. "Iwe, tiye! Anthu anyamuka kale."

Ndinagwira phukusi. Atsibweni anati, "Nyamuka, mphwanga. Onsewa aone kuti katswiri wathawa nkhalamba yosadziwa nsolo."

Ndinasiya phukusi. Ndinauza Yobe kuti atsogole, ndimupeza.

Kulira kwa lole tinakumva patali, atsibweni atatsala ndi timiyala towerengeka. Sanafulumire. Anasewera mpaka ndinadya mwala wotsiriza. Kenaka anaimirira, nasasa fumbi kumatako.

"Wandigonjetsa. Pita tsopano."

Ndinalira, osati ndi chisoni koma ndi ukali. Iwo anamasula phukusi langa, natenga mbatata imodzi, nadya akupita. Nditafika kunyumba amayi sanandifunse kanthu. Anangondipatsa khasu kuti ndikakumbe nshawa zotsalira.

Atsibweni sindinawalankhule mpaka mvula inagwa. Pamudzi anthu anawaseka zaka zambiri. Pamowa, pamaliro, ngakhale pabwalo la tchalitchi, wina ankapezeka wofunsa ngati akufuna kubwereza ndi mwana. Sanadziteteze ngakhale kamodzi. Lameki anabwerera patapita nthawi yaitali, akutsokomola, ndipo sanalimenso. Yobe sitinamuonenso. Ine ndinalima, ndinagula ng'ombe, ndinaika amayi m'manda ndi manja anga.

Tsopano ndakalamba, ndipo amene ndinkasewera nawo nsolo anatha. Mdzukulu wanga Misozi, amene amaphunzitsa ku Pembamoyo, anandibweretsera kompyuta yake yakale, yotchaja ndi sola. Anati, "Agogo, muleke kukalipira nkhuku tsiku lonse. Kalipirani iyi." M'menemo muli masewera otchedwa bakigamoni. Uli ndi miyala yako, makina ali ndi yawo. Mumaponya madayisi awiri, tinthu ta madontho tokuuza kuti uyende kangati, aliyense n'kumathamangitsa miyala yake kupita kwawo. Mwala ukatsala wokha, mnzako amaumenya, n'kukayambiranso kutali.

Poyamba ndinkangothamanga, ndipo makina ankandikwapula. Misozi ankati amabera madayisi. Ine ndinati ayi. Wogonja asanamizire madayisi.

Tsiku lina ndinatsalira kwambiri, moti kuthamanga kunalibenso phindu. Ndinasiya miyala inayi m'nyumba ya makinawo, kumene miyala yawo imafikira, iwiriiwiri, n'kungokhala, kuti avutike potulutsa yawo. Madayisi ankandipatsa mpata wothawa, ine osathawa.

Misozi anaima kumbuyo kwanga. "Agogo, thawani! Mukudikira chiyani pamenepo? Mwagonja kale."

"Ndikudziwa," ndinatero. Ndipo dzanja langa linaima.

Zoti atsibweni anandichedwetsa dala ndinazidziwa kalekale. Sindine chitsiru. Chimene sindinkadziwa ndi kulemera kwake. Kukhala pansi ukudziwa kuti wagonja, dzanja likuyabwa kuti umenye kamodzi anthu aleke kuseka, koma osamenya, chifukwa ukatsegula masewera atha msanga. Ine ndinapirira pang'ono chabe, pamaso pa mdzukulu mmodzi, mutu unatentha. Iwo anapirira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, pamaso pa mudzi wonse, chifukwa cha mwana wa mlongo wawo. Akanatha kundimanga ndi chingwe, ndipo ndikanathawa mawa lake. Anadziwa kuti chingwe chondigwira ine ndi kunyada kwanga komwe.

Masewera a tsikulo makina anapambana. Sindinadandaule.

Atsibweni anamwalira ndisanawathokoze. Si khalidwe langa kulankhula zambiri, choncho ndingowerenga zimene zinatayika pansi pa mtengo uja. Iwo anataya miyala yawo yonse, tsiku lathunthu la ntchito, ndi ulemu umene mkulu wa mpingo amayenda nawo. Mudzi unataya Yobe ndi mapapo a Lameki. Ine ndinataya lole, nsapato, ndi mbatata imodzi.