Tsiku la ku Nthanda

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, mu Sitandade 7, pamene aphunzitsi athu anatopa nane. Kwathu kunali kuseri kwa Bembeke, ndipo m'mawa uliwonse ndinkayamba ndathirira mizere yanga ya kabichi kudimba ndisanapite kusukulu. M'miyezi yozizira madzi a pachitsime ankaluma zala ngati minga. Ndinkafika belu litalira kalekale, siketi itanyowa, n'kuyamba kutchetcha udzu anzanga akuphunzira. Tsiku lina aphunzitsi anandiuza poyera kuti ndikadzachedwanso ndibwereza kalasi. Ndinachita mantha, chifukwa kwathu mtsikana akabwereza, sukulu inkathera pomwepo.

Tsiku lomwelo anatiphunzitsa za maiko ena ozungulira dzuwa. Anati Nthanda, imene tinkaiona kum'mawa kusanache, ndi dziko ngati lathuli, koma limazungulira mwaulesi moti dzuwa likatuluka kumeneko limatha pafupifupi miyezi iwiri lisanalowe. Anzanga anaseka. Ine ndinasirira.

Madzulo ndinapeza bambo anga pakhonde akusema mpini. Ndinali mwana wapakamwa, ndiye sindinazengereze.

"Abambo, ine ndikanabadwira ku Nthanda. Kumeneko usana umatha miyezi iwiri. Munthu ungathirire dimba lonse n'kukafikabe kusukulu belu lisanalire."

Bambo sanapiteko kusukulu, koma nkhani yachilendo ankaitafuna bwinobwino asanaimeze.

"Nanga usiku wake?"

"Miyezi iwirinso."

"Ndiye kwanu ndi komweko, iwe ndi tulo takoto," anatero akuseka. "Koma kabichi wanga asapiteko."

Ndinapsa mtima. Ndinalira momvetsa manyazi, mamina ali chuchuchu, n'kuwauza zonse zimene aphunzitsi ananena. Kuseka kuja kunatha. Anangopitiriza kusema mpini wawo, ndipo ndinagona nditawakwiyira.

M'mawa mwake ndinathamangira kudimba ndi ndowa, koma ndinapeza mizere yanga yonse itanyowa kale. Bambo anali kumunsi, buluku atapinda mpaka m'mawondo, nthunzi ikutuluka m'kamwa.

"Ukuyang'ana chiyani? Thamanga."

Zinakhala choncho mpaka mvula inagwa. Sindinachedwenso, ndipo chaka chimenecho ndinakhoza. Ine ndi kupusa kwanga ndinkangosangalala kuti ntchito yandichepera. Patapita zaka, mayi ndi amene anandiuza kuti bambo ankadzuka tambala woyamba asanalire, kuthirira mizere yanga ndi yawo yomwe, kenaka n'kumanga thumba la mbatata ya kachewere panjinga kupita nalo kumsika monga mwa masiku onse. Manja awo anang'ambika ming'alu imene sinapolenso bwinobwino.

Nthawi imeneyo ndinkaona ngati tsiku langa langotalika lokha. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndikudziwa kuti tsiku la mwana likatalika, pali wina amene usiku wake wafupika. Chimandipweteka n'chakuti bambo anamwalira ndisanawauze kuti ndinazindikira.